Thalakitala yagona zaka pakhomo: injini itsitsidwe liti, nanga motani?

ULÓNGUÈ – M'midzi ya boma la Angónia, kuchokera ku Dómuè mpaka ku Calómuè, sipasowa khomo pomwe pali thalakitala kapena galimoto yongoima pansi pa mtengo wa mapichesi, matayala ataphwa, nkhuku zikuikira pampando wa dalaivala. Zokolola zikagulitsidwa, ndalama ya chimanga, soya, fodya kapena kachewere ikalowa m'thumba, pabanja pamayamba kufunsana: kodi chitsulo chija sichingadzuke mvula isanagwe?

Nthawi zambiri chimadzuka ndithu. Vuto ndi lakuti injini zambiri zotere zimaonongeka pa tsiku lenileni loziliza. Batire lobwereka kwa mnansi, anyamata asanu okankha pamtsetse, kaphokoso kamodzi kachitsulo m'kati, basi: injini yomwe ikadangofuna kutsukidwa ndi kuthiridwa oyilo watsopano yasanduka katundu wa ogula zitsulo zakutha. Nkhani ino ikufotokoza momwe mwini angadziwire ngati injini ikufunika kutsitsidwa, ndi ndondomeko yoitsitsira popanda kutaya ndalama kapena moyo wa munthu.

Makina amenewa adagona bwanji?

Dera lino lidayamba kale kudziwa makina olimira. Dziko la Mozambique litalandira ufulu pa 25 Juni 1975, Apwitikizi ambiri adasiya minda yawo ikuluikulu, ndipo boma lidaiika m'manja mwa kampani yake ya Complexo Agro-Industrial de Angónia, yodziwika ndi dzina loti CAIA. Nkhondo itakula m'zaka za m'ma 1980, ntchito ya kampaniyi idaima, anthu ochuluka adathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndipo makina adatsala opanda owasamala. Anthu adayamba kubwerera mgwirizano wa mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992.

Koma makina ambiri omwe aima m'makomo lero sadaime chifukwa cha nkhondo. Ena adaima mwini atamwalira, abale akukanganabe za chuma cha masiye. Ena adaima chifukwa cha kachipangizo kamodzi komwe kadasowa, chaka chidapita, china chidatsatira. Mwa akale omwe amakanika a m'malire muno amawadziwa bwino muli thalakitala ya Massey Ferguson 135, yomwe idapangidwa kuyambira 1964 mpaka 1975, yambiri ili ndi injini ya dizilo ya Perkins ya masilinda atatu ndi malita 2.5, komanso Land Rover zakale za injini ya masilinda anayi ndi malita 2.25. Injini zimenezi ndi zolimba, zilibe kompyuta, ndipo zipangizo zake zikupangidwabe. N'chifukwa chake kuzidzutsa kumatheka.

Zomwe zimachitika m'kati mwa injini yoima

Injini ikazima, oyilo yemwe adali m'makoma a masilinda amatsikira pansi pang'onopang'ono mpaka chitsulo chimatsala chouma. Komanso pomwe yazimirapo, pamakhala valavu imodzi kapena ziwiri zotseguka, ndiye kuti mpweya wa panja umalowa mpaka pamwamba pa pisitoni. Kuno kumapiri mpweyawo umakhala ndi chinyontho: mvula kuyambira Novembala mpaka Malichi kapena Epulo, nkhungu ndi mame m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi. Pa thalakitala zimanyanya chifukwa ekizozi imaloza kumwamba, ndipo ngati palibe adavundikirapo chitini, mvula imalowa ngati mumtsuko.

Zotsatira zake ndi dzimbiri lomwe limamata maringi a pisitoni ku khoma la silinda. Madzi ena amadutsa ndi kukakhala pansi pa oyilo, chifukwa madzi amalemera kuposa oyilo. Mu thanki, dizilo wakale amasakanikirana ndi madzi n'kupanga utope wakuda womwe umatseka sefa ndi kumata pampu ya mafuta. Petulo akakhalitsa amauma n'kusiya ulimbo. Mapaipi a labala amauma n'kung'aluka, kilatchi imamatirira, makoswe amadya mawaya ndi kumanga zisa m'njira ya mpweya.

Apa ndi pomwe kukankha kumaphera injini. Injini ya dizilo imapanikiza mpweya mwamphamvu kwambiri, koma madzi sapanikizika. Pisitoni ikakwera n'kupeza madzi pamwamba pake, chitsulo cholumikiza pisitoniyo chimapindika kapena kuthyoka. Ngati maringi agwira dzimbiri, kukoka ndi thalakitala ina kumawathyola, ndipo zidutswa zake zimakanda silinda.

Kupima kaye

Si injini iliyonse yogona yomwe imafunika kutsitsidwa. Makanika wodziwa ntchito amayamba ndi zinthu zosafuna ndalama.

Choyamba amamasula pang'ono chotsekera cha pansi pomwe oyilo amatulukira. Ngati m'kati muli madzi, ndiwo amayamba kudontha. Oyilo wotuwa ngati tiyi wa mkaka akusonyeza kuti madzi adasakanikirana naye, ndipo tizitsulo tonyezimira tikusonyeza kuti mabering'i adadyeka injiniyo isanaime.

Chachiwiri amachotsa mainjekita, kapena mapulagi ngati ndi ya petulo, n'kuthira dizilo wosakaniza ndi oyilo pang'ono mu silinda iliyonse. Kenako amaisiya sabata imodzi kapena ziwiri. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa ntchito iyi masiku odikira ndiwo otchipa kuposa onse.

Chachitatu amachotsa chivundikiro cha pamwamba kuti aone mavalavu, amaika giya pa fili, n'kuyesa kuzunguza injini ndi sipanala pa mtanda waukulu wa pansi, womwe m'Chipwitikizi amati cambota ndipo ku Malawi amati crankshaft. Amazunguza ndi dzanja, kutsogolo pang'ono, kumbuyo pang'ono. Cambota iyenera kuzungulira kawiri kathunthu, chifukwa ndi pomwe mavalavu onse amakhala atatseguka ndi kutsekeka.

Ikazungulira bwino, ndipo mulibe madzi kapena tizitsulo, injiniyo isachotsedwe. Ikufunika oyilo watsopano, masefa, kutsuka thanki, ndi kuyeza mphamvu ya kupanikiza kwa silinda iliyonse. Kutsitsa kumabwera pamene yakaniratu kuzungulira, pamene madzi afika pansi, pamene tizitsulo taoneka, pamene mwini akukumbukira kuti inkagogoda isanaime, kapena pamene thupi la injini likuoneka kuti lili ndi mng'alu.

Malo ndi zida

Injini ya Land Rover kapena ya Massey Ferguson 135 imalemera makilogalamu 200 kapena kupitirira, ndiye kuti matumba anayi a chimanga omangidwa pamodzi, koma achitsulo, oterera ndi oyilo. Kulemera kotere sikwa nthambi ya mango kapena mtanda wa denga la shedi ya fodya. Nthambi imaoneka yolimba mpaka pomwe yathyokera, ndipo sichenjeza.

Pamafunika malo osalala, olimba, okhala ndi denga kapena lona. Pamafunika chokwezera cha unyolo, chomwe amakanika amati tcheni buloko, chonyamula tani imodzi. Chimapachikidwa pa miyendo itatu ya mapaipi achitsulo, kapena ya mitengo yonenepa ya bulugama yopanda chiswe, yomangidwa zolimba pamwamba, ndi kumangidwanso m'munsi kuti isatambasuke. Zochirikizira zikhale zipika za mtengo wolimba. Njerwa zimaphwanyika mwadzidzidzi, ndipo jeke ndi yokwezera chabe, siyosiyirapo katundu munthu ali pansi.

Nkhani ya masipanala imapusitsa ambiri. Makina akale a ku England ali ndi mabawuti oyezedwa mu mainchi, pomwe a ku Japan, monga Toyota, ali ndi a mamilimita. Sipanala ya mamilimita 13 imalowa pa mutu wa theka la inchi, womwe ndi mamilimita 12.7, koma imagwedera, ndipo pa dzimbiri imangodya ngodya zake. Mabawuti akadyeka ngodya ntchito ya mphindi zisanu imatenga tsiku.

Masiku awiri kapena atatu ntchito isanayambe, injini itsukidwe kunja ndipo mabawuti onse, makamaka a ekizozi, anyowetsedwe ndi mafuta omasulira dzimbiri. Foni ya m'manja ndi chida chachikulu: waya aliyense ndi paipi iliyonse zijambulidwe zisanamasulidwe, ndipo zimangiriridwe kapepala ka nambala. Mabawuti a malo amodzi alowe m'chitini chimodzi cholembedwa. Injini ikhoza kukhala pansi miyezi iwiri kudikira zipangizo, ndipo palibe mutu womwe ungasunge zonsezo.

Tsiku lotsitsa

Ndondomeko imayambira pa batire. Waya woyamba kuchotsa ndi yemwe wamangidwa ku chitsulo cha galimoto. Pa magalimoto ambiri ndi wa chizindikiro chochotsera, koma Land Rover zopangidwa chisanafike chaka cha 1967 zidatuluka ndi wa chizindikiro chophatikizira ku chitsulo, choncho ndi bwino kutsatira waya ndi maso.

Kenako oyilo ndi madzi akhuthulidwe m'zigubu. Oyilo wakutha asatayidwe pansi pafupi ndi chitsime, mtsinje kapena dimba, ndiponso asapakidwe pa zilonda za ng'ombe.

Zikatero amachotsa boneti, redieta ndi chitsulo chakutsogolo chomwe imakhalapo, sefa ya mpweya, ekizozi, mapaipi a mafuta, mawaya, sitata ndi zokokera moto. Pakamwa pa paipi iliyonse ya dizilo pamangidwe pulasitiki yoyera, chifukwa kamchenga kamodzi kamatha kuononga pampu. Pa Land Rover amachotsanso zitsulo za pansi popondapo mapazi kuti afikire manati olumikiza injini ndi giyabokosi.

Giyabokosi ichirikizidwe kunsi isanasiyanitsidwe ndi injini. Unyolo ukoledwe pa zokolera zomwe opanga adaika pa injini, osati pa mapaipi, ndipo ukokedwe mpaka utangoyamba kunyamula. Apo ndiye amamasula mabawuti a m'miyendo ya injini ndi ozungulira giyabokosi. Injini iyenera kuyenda kutsogolo molunjika kaye mpaka chitsulo cha giyabokosi chitatuluka mu kilatchi, kenako ndiye kukwera. Ikakwezedwa isanatuluke, chitsulocho chimapindika.

Ikakana, pali chomwe chaiwalika: bawuti wobisika m'matope, waya wa kunsi, kapena kapaipi. Chofunika ndi kusiya kukoka n'kuyang'ananso. Kupana ndi chitsulo chachitali kumaswa chikho cha giyabokosi, chomwe pa Land Rover ndi cha aluminiyamu.

Mutu umodzi susenza denga, koma anthu ambiri pa injini ndi ngozi. Atatu akwanira: wokoka unyolo, woongolera injini ataima pambali, ndi woyang'ana ngati china chakola. Wolamula akhale mmodzi. Dzanja lisalowe pakati pa injini ndi chitsulo cha galimoto, munthu asaime kunsi kwa injini yolendewera, ndipo ana, omwe sasowa pa ntchito yotere, akhale patali. Injini ikakwera mokwanira, galimoto ndiyo imakankhidwira kumbuyo, injini n'kutsikira pomwepo pa tayala lakutha ndi zipika.

Thalakitala ili ndi malamulo ake

Massey Ferguson 135 ndi zinzake zilibe chitsulo chachitali chonyamula zonse monga galimoto. Injini yeniyeniyo ndiyo msana wolumikiza matayala akutsogolo ndi akumbuyo. Choncho kuichotsa ndi kudula thalakitala pakati, ndipo mabawuti apakati akamasulidwa mbali iliyonse imafuna kugwa payokha.

Matayala akumbuyo atsekedwe ndi zipika kutsogolo ndi kumbuyo. Mbali ya giyabokosi ichirikizidwe payokha, mbali ya injini payokhanso. Chomwe ambiri amaiwala ndi ekiselo ya kutsogolo, yomwe imapendama pa chikhomo chimodzi chapakati kuti thalakitala iziyenda bwino m'mizere. Ngati sipadakhomedwe mphero zamtengo mbali zonse ziwiri, injini imagudubukira kumbali ikangosiyana ndi giyabokosi. Mbali ziwirizo zikatalikirana, injini imapachikidwa pa unyolo, ekiselo ya kutsogolo n'kumasulidwa pomaliza.

Injini ikakhala pansi

Mutu wa injini ukachotsedwa, zoona zimaonekera. Pisitoni yomata imanyowetsedwanso ndi kugogodwa pang'onopang'ono kudzera pa chipika cha mtengo, osati ndi chitsulo. Pisitoni iliyonse, ndi chivundikiro chilichonse cha mabering'i, zilembedwe nambala ndi mbali yomwe zidayang'ana, chifukwa zikasinthana malo injini imagogoda. Zizindikiro za pa magiya oyendetsa nthawi ya injini zijambulidwe asanachotsedwe.

Ubwino wa injini ya Perkins ndi wakuti masilinda ake ali ndi malaya achitsulo otheka kuvulidwa ndi kusinthidwa, omwe m'Chipwitikizi amatchedwa camisas. Dzimbiri likadya kwambiri, amasintha malayawo pamodzi ndi mapisitoni ndi maringi, thupi la injini n'kukhala lomwelo.

Ntchito zitatu sizapabwalo la pakhomo. Cambota imayezedwa ndi kupalidwa ku malo a makina ake. Mutu wa injini umayezedwa ngati udapindika kapena kung'aluka. Pampu ya dizilo ndi mainjekita zimapita kwa katswiri wake zili zotseka. Munthu asayese injekita poika chala kutsogolo kwake: dizilo amatuluka ndi mphamvu yoboola khungu, ndipo chala chikhoza kudulidwa kuchipatala. Fumbi la mu kilatchi lisauziridwe ndi pakamwa kapena pampu, chifukwa kilatchi zakale zinkapangidwa ndi asbestos, yemwe amaononga mapapo. Lipukutidwe ndi nsalu yonyowa.

Injini ili pansi pomwepo ndi nthawi yosintha zonse zosafikirika ikakhala pamalo pake: mbale ya kilatchi, labala wotseka oyilo kumbuyo kwa cambota, ndi tizitsekerero ta m'njira za madzi. Kuumira pa zinthu zazing'onozi kumachititsa kuti ntchito yonse ibwerezedwe pakati pa dzinja.

Mayina awiri, ndalama ziwiri

Mlimi wa ku Angónia ali ndi misika iwiri. Mzinda wa Tete uli pa mtunda wopitirira makilomita 200 kudzera ku Mussacama, pomwe Dedza ili kungodutsa chipata cha Calómuè, ndipo Lilongwe ili patsogolo pang'ono. Chipangizo chimodzi chili ndi dzina lina mbali iliyonse. Chomwe ku Tete amati segmentos, ku Lilongwe ndi piston rings. Junta da cabeça ndi head gasket, embraiagem ndi clutch, bomba injectora ndi injector pump. Wopita kukagula alembe mayina onse awiri, atenge nambala yodindidwa pa thupi la injini, ndipo ngati n'kotheka anyamule chipangizo chakalecho.

Kugula kusayambe cambota ndi masilinda zisanayezedwe, chifukwa mabering'i ndi mapisitoni ali ndi misinkhu yosiyana malinga ndi momwe chitsulo chapalidwira. Mtengo wa kwacha usinthidwe kukhala wa metikali, kuphatikizapo ulendo ndi msonkho wa pachipata, ndipo malisiti asungidwe.

Apa ndi pomwe banja liyenera kukhala pansi. Makanika alembe mndandanda wonse ndi mtengo wake, pamodzi ndi matayala, batire ndi mabuleki. Chiwerengerocho chiyerekezedwe ndi mtengo wolipira thalakitala ya ena kapena wogula ng'ombe ziwiri za pagoli. Ngati makinawo ndi a masiye, abale agwirizane za umwini ndalama isanalowe, pamaso pa mfumu kapena mboni, chifukwa chitsulo chomwe chidalibe mwini chili pansi pa mtengo chimapeza eni ambiri chikayamba kulira. Thupi la injini likapezeka long'aluka kwambiri, kusiya sikulephera. Wosankha kuika injini ina akumbukire kuti nambala ya injini imalembedwa mu livrete, ndipo kusinthaku kuyenera kukalembetsedwa ku ofesi ya INATRO.

Kuibwezera ndi kuiliza

Pomanga, ukhondo ndiwo lamulo. Mabawuti a mutu wa injini ndi a mabering'i amamangidwa ndi sipanala yoyeza mphamvu, motsatira buku la injiniyo, osati mongomva m'manja. Mbale ya kilatchi ikhale pakatikati penipeni, apo ayi injini siikumana ndi giyabokosi, ndipo kuzikokera pamodzi ndi mabawuti kumaswa zinthu.

Isanalizidwe, injini izunguzidwe ndi sitata mafuta atatsekedwa mpaka oyilo atafika paliponse. Mpweya utulutsidwe m'mapaipi a dizilo. Munthu mmodzi aime ndi thabwa pafupi ndi polowera mpweya, chifukwa pampu ikamata injini ya dizilo imatha kuthamanga yosamva kuzimitsa, ndipo chomwe chimaiimitsa ndi kuitsekera mpweya, ndi thabwa osati ndi chikhatho. Ikalira, nyali ya oyilo izime m'masekondi ochepa. Ikapanda kuzima, injini izimitsidwe pomwepo. Masiku oyamba igwire ntchito yopepuka, ndipo oyilo ndi sefa zisinthidwe pakatha maola pafupifupi 50.

Nthawi yabwino yoyamba ntchito yonseyi ndi Meyi kapena Juni, zokolola zikangolowa. Woyamba mu Okutobala amathamangitsana ndi mitambo, ndipo kuthamanga kumeneko ndi komwe kumabweretsa batire lobwereka ndi anyamata okankha.

Kwa omwe makina awo akuyenda lero, kupewa zonsezi n'kotchipa. Nyengo yolima ikatha, chitini chivundikiridwe pa ekizozi, thanki idzazidwe kuti chinyontho chisapeze malo, waya wa batire uchotsedwe, ndipo kamodzi pa mwezi injini ilizidwe mpaka itatentha bwino.